MALUNGO: ZIMENE OFUFUZA APEZA M'ZAKA ZINO

Mtsinje wa Ruo umachokera pamwamba pa phiri la Mulanje, nutsika pakati pa minda ya tiyi, nukhala malire a Malawi ndi Mozambique kufikira pamene umathira m'Shire ku Chiromo. Pa mathiriro amenewo, pa 31 Januwale 1862, panafera Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni oyamba a ku Magomero. Masabata owerengeka m'mbuyomo bwato lake linagubuduzika, ndipo mankhwala ake, pamodzi ndi kwinini yemwe, anamira m'madzi. Malungo atamgwira, panalibe chomthandiza. Iye sanadziwe chimene chinali kumupha, ndipo panalibe dotolo pa dziko lonse amene akadatha kumuuza, pakuti masiku amenewo ngakhale anthu ophunzira ankayesa kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo.

Papita zaka zoposa 160 chichitikire zimenezi, ndipo malungo akali kupha. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 597,000 anafa ndi nthendayi. Mwa 100 alionse, 95 anali a mu Africa, ndipo ambiri a iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Komabe zimene madotolo adziwa lero ziri kutali ndi zimene ankadziwa kale, ndipo gawo lalikulu la nzeru imeneyi linapezeka m'Malawi momwemuno: ku Ndirande, ku Mangochi, ku Chikwawa, ku Thyolo, ndi ku Phalombe kumene kunali mbali ya boma la Mulanje kufikira 1998. Phunziro lino lilongosola zimene anapezazo chimodzichimodzi, kuti kholo ndi mphunzitsi adziwe chifukwa cha malangizo amene amamveka ku sikelo. Pakuti lamulo limene munthu sadziwa chifukwa chake sachedwa kulitaya.

1. ULENDO WA KACHIROMBO

M'chaka cha 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, ali pa ntchito ku Algeria, anaona ndi makina okuza zinthu tizirombo tamoyo m'magazi a munthu wodwala malungo. M'chaka cha 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo tomweto m'mimba mwa udzudzu. Kuyambira pamenepo ulendo wa kachiromboka unayamba kudziwika.

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma usiku, umalavulira tizirombo m'thupi la munthu. Timeneti timathamangira ku chiwindi, kumene timaswana ngati sabata imodzi, munthu osamva kanthu. Kenaka timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo masiku awiri alionse timaswanso ndi kuphulitsa maselowo. Apa m'pamene thupi limatentha, mutu nuwawa, magazi nachepa. Tina timasanduka tatimuna ndi tatikazi todikira udzudzu wina, ndipo udzudzu ukatiyamwa pamapita masiku 10 kapena kuposapo usanathe kupatsira munthu.

Chotero pali malo atatu pamene ulendowu ungadulidwe. Masikito ndi mankhwala opopera m'nyumba amalimbana ndi udzudzu. Katemera amatchinga njira ya ku chiwindi. Mankhwala akumwa ndi jekeseni amapha tizirombo m'magazi. Ambiri akali kunena kuti malungo amadza chifukwa cha kubvumbwa ndi mvula kapena kudya mango aawisi, koma izi zimangokumana nyengo ndi kuswana kwa udzudzu. Ku Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri, madzi oima m'maenje oumbira njerwa, m'mapondero a ng'ombe ndi m'madimba ndiwo amalera udzudzu; ndipo mtundu wina, Anopheles funestus, umaswana m'madambo a udzu amene saphwa, kotero kuti malungo satheratu ngakhale m'chilimwe.

2. PHUNZIRO LA KOLOKWINI

Achikulire akumbukira kolokwini, mankhwala owawa aja amene anachiza malungo zaka zambiri pa mtengo wochepa. Pofika m'ma 1980 anayamba kulephera. Chifukwa chake n'chakuti mwa tizirombo tosawerengeka mumabadwa tina tosinthika pang'ono, timene mankhwala satipha. Tinzake tikafa, timeneti timatsala ndi kuswana kufikira titadzaza dziko. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuchotsa kolokwini m'zipatala ndi kuika m'malo mwake SP, amene ambiri amamutcha Fansidar.

Ofufuza a ku Blantyre sanaleke kuyeza magazi a odwala, ndipo anaona chinthu chimene sanachiyembekeze. M'chaka cha 1992, mwa odwala 100 alionse, 85 anali ndi tizirombo tokhala ndi chizindikiro cha kukana kolokwini. M'chaka cha 2000 anatsala 13 okha, ndipo posakhalitsa chizindikirocho sichinaonekenso. Pofuna kutsimikiza, Miriam Laufer ndi anzake anayesa ana 210 odwala malungo ku Ndirande m'chaka cha 2005. Njira imene anatsata ndiyo maziko a kafukufuku yense wa mankhwala: anagawa anawo m'magulu awiri mwa maere, kuti dotolo asasankhe yekha amene aoneka amphamvu, gulu lina linalandira kolokwini, lina SP, kenaka onse anayang'aniridwa masiku 28. Kolokwini anachiza 99 mwa 100 alionse, pamene SP anachiza 21 okha. Tizirombo tokana kolokwini tinali tofooka pa mpikisano wa kuswana, ndipo mankhwalawo atachotsedwa tinagonja kwa tinzake.

Madotolo sanabwezere kolokwini m'zipatala, popeza m'maiko oyandikana tizirombo tokana tija tinalipobe, ndipo tikadabwerera msanga. Koma phunziro linakhala ili: mphamvu ya mankhwala ndi chuma cha anthu onse, chimene chingaonongeke ndi chimene chingasungike monga mwa machitidwe ao.

Kuyambira 2007 zipatala za m'Malawi zimapereka LA, amene ali mankhwala awiri m'mbulu umodzi. Oyamba, artemether, amachokera ku chitsamba chimene Tu Youyou wa ku China anapezamo mankhwala m'chaka cha 1972, ndipo amapha tizirombo tambiri mofulumira. Achiwiri, lumefantrine, amakhalitsa m'thupi kuti atsirize totsala. Wodwala amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndiko kuti kasanu ndi kamodzi, atadya kanthu. Tsono m'chaka cha 2020 ku Rwanda, ndi m'chaka cha 2021 ku Uganda, ofufuza anapeza tizirombo timene tayamba kuchedwa kufa ndi artemether ndi abale ake. Mai amene aona mwana ali kusewera tsiku lachiwiri, nasunga mibulu yotsala kuti idzathandize mng'ono wake, asiya m'thupi la mwanayo tizirombo tolimba koposa. Ndiponso si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Chibayo ndi matenda ena amayamba chimodzimodzi. N'chifukwa chake kuyambira 2011 zipatala zimayamba zayeza dontho la magazi a pa chala, ndipo yankho limadziwika mphindi 20 zisanathe.

3. CHIMENE CHIMAPHA MWANA WOKOMOKA

Malungo oopsa koposa ndi aja a mu ubongo, pamene mwana amaphupha, nakomoka osadzuka. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kuwafufuza m'ma 1980, ndipo m'chaka cha 1989 anafalitsa muyeso wa kukomoka kwa mwana, wotchedwa Blantyre Coma Score, umene madotolo a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito.

Pambuyo pake anapempha makolo a ana omwalira kuti awalole kuyang'ana m'kati mwa matupi. Zimene anafalitsa m'chaka cha 2004 zinadabwitsa ambiri: mwa ana 31 amene onse ankayesa kuti anafa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena, ngakhale anali ndi tizirombo m'magazi. Anapezanso kuti diso limaulula zoona. Dotolo akaunika m'kati mwa diso la mwana wokomoka, naona madontho oyera, kukha magazi, kapena mitsempha yosintha mtundu, adziwa kuti ndi malungo enieni. Akapanda kuona izi, ayenera kufunafuna nthenda ina nthawi isanathe.

Funso lotsala linali lakuti, nanga malungowo amapha bwanji? M'chaka cha 2008 chipatalacho chinalandira makina a MRI ojambula m'kati mwa mutu. Karl Seydel ndi anzake anajambula ana 168, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2015. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Ubongo ukatupa m'chigaza chosatanuka, umapanikiza malo amene amalamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma mtima ukali kugunda.

Pa za mankhwala, kafukufuku wa ana 5,425 m'maiko asanu ndi anai a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, anaonetsa m'chaka cha 2010 kuti jekeseni wa artesunate amapulumutsa ambiri kuposa kwinini: mwa ana 1,000 alionse olandira kwinini anafa 109, pamene mwa olandira artesunate anafa 85. Koma jekeseniyo athandiza mwana amene wafika. Zizindikiro zosayenera kudikira kucha ndi izi: kuphupha, kukomoka kapena kufooka kwambiri, kulephera kuyamwa ndi kumwa, kusanza chirichonse, kupuma mobvutika, ndi kuyera m'zikhato ndi m'zikope. Banja limene liona chimodzi mwa izi, ngakhale likhale kutali ngati ku Muloza kapena kuseri kwa Thuchila, linyamuke usiku womwewo, lisayambe lasonkhana kukambirana amene walodza mwana.

4. MWANA WOTULUKA M'CHIPATALA NDI MAI WOYEMBEKEZERA

Mwana akagonekedwa chifukwa cha kuchepa magazi, nathiridwa magazi, natuluka, abale onse amati zoopsa zatha. Ofufuza a ku Malawi anatsatira ana otere ku midzi yao, napeza kuti miyezi yoyamba atatuluka ndiyo imene ambiri amadwalanso kapena kufera kunyumba, chifukwa thupi lisanatsirize kupanga magazi atsopano, malungo ena amaligwetsa. Kamija Phiri ndi anzake anayesa m'zipatala zinai za kum'mwera kuno kupatsa ana otere mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi ngakhale asanadwale, nafalitsa zotsatira m'chaka cha 2012. Kafukufuku wina wa ana 1,049 ku Kenya ndi ku Uganda, wofalitsidwa mu 2020, anapereka mankhwala pa sabata yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi ndi yakhumi. Ndipo m'miyezi itatu imeneyo imfa ndi kugonekedwanso zinachepa ndi 70 pa 100. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linabvomereza njira imeneyi. Kholo lidziwe tsono kuti mwana wothiridwa magazi akali pa ngozi miyezi ingapo, ndipo tsiku lobwerera ku chipatala lisaphonyedwe.

Mai woyembekezera naye ali ndi ngozi yobisika. Tizirombo timamatirira ku nsengwa imene mwana amadyera m'mimba, mai osamva kutentha thupi. Mai amachepa magazi, ndipo mwana amabadwa wochepa sikelo. Kafukufuku wa ku Mangochi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti SP womwedwa pa sikelo amachepetsa bvutoli, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kuika njirayi m'malamulo a zipatala. Ngakhale SP analeka kuchiza odwala, akali kuteteza mimba. Mai ayenera kumwa katatu kapena kuposapo, kuyambira mimba itapitirira miyezi itatu, motalikiranitsa mwezi umodzi. Wochedwa kuyamba sikelo sangakwanitse chiwerengerochi.

5. ANA A SUKULU, NKHOKWE YOBISIKA

Kwa zaka zambiri maso onse anali pa ana osakwana zaka zisanu ndi pa amai oyembekezera, popeza ndiwo amafa kwambiri. Koma m'zaka za 2012 ndi 2013 ofufuza ogwira ntchito ndi Malaria Alert Centre ya ku Blantyre anayenda khomo ndi khomo m'maboma a Blantyre, Thyolo ndi Chikwawa, nayeza anthu 5,796, odwala ndi athanzi omwe. M'nyengo ya mvula tizirombo tinapezeka mwa 9 pa 100 ku Blantyre, 15 ku Thyolo, ndi 32 ku Chikwawa. Mwa onse opezeka ndi tizirombo, oposa 88 pa 100 sanali kumva kudwala konse. Ndipo msinkhu umene unasenza tizirombo koposa unali wa zaka 6 kufikira 15.

Chifukwa chake sichibvuta kuchiona pa khomo lirilonse. Masikito akachepa, amapatsidwa kwa mai ndi khanda, pamene achimwene ndi achemwali a khandalo amagona pa mphasa pabalaza kapena m'gowelo opanda chotchinga. Iwo adwala malungo kangapo kale, kotero kuti thupi lazolowera ndipo silitentha kwambiri. Motero palibe amene amawatengera ku chipatala, ndipo tizirombo timakhala m'magazi mwao miyezi yambiri. Udzudzu ukaluma mnyamata wa sitandade 5 amene aoneka wathanzi, patapita masabata awiri ungathe kuluma khanda m'chipinda china cha nyumba yomweyo. Mwana wa sukuluyo naye amalipira mtengo wake, pakuti magazi ake amachepa pang'onopang'ono, amaodzera m'kalasi, najomba kawirikawiri.

Potsatira kafukufuku uyu ndi wina wonga ameneyu, m'chaka cha 2022 bungwe la WHO linabvomereza kuti m'madera a malungo ambiri ana a sukulu angathe kupatsidwa mankhwala oteteza pa nthawi zoikika. Koma kholo liri ndi chochita lero lomwe, ndicho kuwerenga malo ogona m'nyumba ndi kuona kuti pamalo paliponse pali masikito. Mphunzitsi naye, akaona mwana wooneka wotumbululuka ndi wotopa, atumize mau kwa makolo kuti akamuyezetse.

6. UDZUDZU NAONSO UNACHENJERA

Chimene chinachitika ndi kolokwini chinachitikanso ndi mankhwala a m'masikito. Masikito onse akale ananyikidwa m'mankhwala a mtundu umodzi, wa pyrethroid, ndipo m'chaka cha 2010 ofufuza anapeza pa chisumbu cha Likoma udzudzu wa Anopheles funestus umene sunali kufa nao. Posakhalitsa unapezekanso ku Chikwawa ndi kwina. Tsono kunakonzedwa masikito a mankhwala awiri. Ena ali ndi PBO, amene amalepheretsa thupi la udzudzu kusungunula poizoni. Ena ali ndi chlorfenapyr, amene amapha udzudzu mwa njira ina. Ku Misungwi m'dziko la Tanzania midzi inagawidwa mwa maere, ndipo zotsatira za 2022 zinaonetsa kuti kumene kunali masikito a chlorfenapyr malungo a ana anatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi kumene kunali akale. Bungwe la WHO linawabvomereza mu Malichi 2023.

Kupopera mankhwala m'makoma kumatsata khalidwe la udzudzu, umene ukakhuta magazi umatera pa khoma kuti upumule. Chipatala cha Mulanje Mission chinayamba ntchito imeneyi m'ma 2010 m'midzi yochizungulira. Nyumba yopoperedwa isaziridwe kapena kupakidwa laimu msanga, kuopa kukwirira mankhwala. Ndipo ntchitoyi imapindula pamene pafupifupi nyumba zonse za m'mudzi zalola, pakuti udzudzu wopulumukira m'nyumba imodzi umaluma mudzi wonse. Chimodzimodzi masikito amene apita kukatchinga mbeu ku dimba, kukaphera nsomba mu Ruo kapena kukasungira anapiye, asiya mwana wina pa mtetete.

7. KATEMERA

Katemera wa malungo anatenga zaka zoposa 30 kuti apezeke, popeza kachiromboka kamasintha maonekedwe pa gawo lirilonse la ulendo wake. Ntchito ya katemera wa RTS,S inayamba mu 1987. Kuyambira 2009 kufikira 2014 anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo oyeserako. Mwa ana olandira kanai, katemerayu analetsa kudwala kunai mwa khumi kulikonse, ndi malungo aakulu atatu mwa khumi, pa zaka zinai. Poyerekeza ndi katemera wa chikuku, amene amateteza pafupifupi onse, mphamvu imeneyi ndi yochepa, ndipo akatswiri anafuna kuona ngati ingathandizedi pa sikelo wamba.

Pa 23 Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba pa dziko lonse kupereka katemerayu pa sikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Kuno anayambira m'maboma 11: Karonga, Nkhata Bay, Ntchisi, Mchinji, Lilongwe, Balaka, Mangochi, Machinga, Chikwawa, Nsanje ndi Phalombe. Madera ena analandira poyamba, ena nadikira, kuti pakhale poyerekeza. Ana analandira pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Pofika 2023 ana oposa 2 miliyoni anali atalandira m'maiko atatuwo, ndipo kuwerengera kunaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu umenewo, pa zifukwa zonse kupatula ngozi, zinatsika ndi 13 pa 100, ndipo kugonekedwa ndi malungo aakulu kunatsika ndi 22 pa 100. Katemera wa mphamvu yochepa apulumutsa ambiri chotero chifukwa nthenda imene alimbana nayo imagwira ana ochuluka kwambiri. Bungwe la WHO linabvomereza RTS,S pa 6 Okutobala 2021, ndipo mu Okutobala 2023 linabvomereza wachiwiri, R21, wokonzedwa ku Oxford ndi kupangidwa ku India.

Kafukufuku yemweyo anaulula chofooka chimodzi. M'maiko onse atatu ana olandira katemera wachinai anali ochepa kuposa olandira atatu oyamba, chifukwa mwana akayamba kuyenda makolo ambiri amaleka sikelo. Chonsecho mphamvu ya katemerayu imazirala ndi nthawi, ndipo wachinaiyo ndiye amaitsitsimutsa. Makolo afunse alangizi a zaumoyo za katemerayu, asunge bwino buku la sikelo, ndipo akumbukire kuti mwana wotemeredwa angathe kudwalabe malungo: ayenera kugona m'masikito ndi kuyezedwa akatentha thupi monga mwana wina aliyense.

8. DONTHO LA MAGAZI

Nzeru zonse zalongosoledwazi zinachokera m'magazi a anthu wamba. Amai a ku Ndirande analola ana ao kuyezedwa sabata ndi sabata. Mabanja a ku Thyolo anatsegula makomo kwa alendo onyamula timabotolo. Makolo ofedwa, misozi isanaume, analola matupi a ana ao kuyang'anidwa kuti ana a eni ake adzapulumuke.

Anthu a ku Mulanje akumbukira chaka cha 2017, pamene mu Sepitembala munabuka mbiri ya anamapopa m'boma lino ndi ku Phalombe, nifalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi makamu pongoganiziridwa, misewu inatsekedwa usiku, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Palibe wopopa magazi ndi mmodzi yemwe amene anatsimikizidwa, koma ntchito za umoyo zinasokonezeka, ndipo amene anabvutika nazo anali odwala a m'midzi.

Mantha otere amachepa munthu akadziwa malamulo. M'Malawi kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuloledwa ndi komiti yoona za chilungamo chake, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya pa Kamuzu University of Health Sciences. Wofufuza ayenera kufotokoza m'chinenero cha munthuyo chimene afuna, magazi angati atenga, ndi kumene apita nao. Munthu ali ndi ufulu wokana, ndi wosiya pakati, osataya chithandizo chirichonse cha ku chipatala. Ndipo wolola amasaina kapena kudinda chala. Munthu wamkulu ali ndi magazi ngati malita asanu, pamene kuyeza malungo kumatenga dontho limodzi. Mlendo akafika m'mudzi ndi za kafukufuku, afunsidwe kalata yake pamaso pa mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo. Kumeneko ndiko kuchenjera koyenera, ndipo wofufuza woona sakwiya nako.

9. ZONSE PAMODZI

Kalembera wa malungo wa boma anaonetsa kuti m'chaka cha 2010, mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 43 anali ndi tizirombo m'magazi. Mu 2017 anali 24, ndipo mu 2021 anali pakati pa 10 ndi 11. Kutsika kumeneku sikunadze ndi chida chimodzi. Masikito amaphonya udzudzu woluma munthu asanagone. Katemera amaletsa gawo chabe. Mankhwala amachiza okhawo amene afika msanga ndi kutsiriza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kafukufuku wa zaka zonsezi wafika pa mau omwewo. Zopindulazi zingathenso kutayika, monga pamene namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba ku Mulanje ndi ku Phalombe, nakokolola masikito pamodzi ndi katundu, nasiya madzi oima ponseponse.

Bishopu uja anafera pa mathiriro a Ruo chifukwa mankhwala ake anali pansi pa madzi. Mwana wa m'mbali mwa mtsinje womwewo lero ali ndi sikelo, choyezera magazi, LA ndi jekeseni wa artesunate. Chimene chimamusowetsa kawirikawiri ndi kuchedwa kwa tsiku limodzi, mibulu iwiri yosatsirizidwa, kapena masikito opindidwa m'sutikesi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ulendo wa kachirombo ka malungo ungadulidwe pa malo atatu ati, ndipo ndi zida zotani?
2. Chifukwa ninji ofufuza amagawa odwala mwa maere?
3. Nanga mwana wa sukulu wooneka wathanzi angadwalitse bwanji khanda la m'nyumba mwao?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira kucha?
5. Wofufuza akafika m'mudzi, munthu ali ndi ufulu wotani?